Mausi Yasiya Kugwira Ntchito Kompyuta Itachita Update? Musathamangire Kugula Ina

Tiyerekeze kuti ndi m'mawa wina wa mwezi wa Julayi. Nkhungu yakuta phiri la Dedza, ndipo zala zauma ndi chisanu. Inu ndinu kalaliki wa pachipatala chaching'ono, kapena mlembi wa mu ofesi ya chitukuko, kapenanso mphunzitsi amene mukulemba zotsatira za mayeso. Lipoti la mwezi watha liyenera kupita lero. Dzulo madzulo munalumikiza kompyuta ku intaneti ya pafoni, ndipo poweruka inalemba kuti ikuchita update, musaizimitse. Munaidikira mpaka inazima yokha. Lero mwaiyatsa, yayaka bwinobwino, koma kamuvi kaja kangoti chilili pakati pa sikirini. Mukukhwekhwereza mausi uku ndi uku, kamuvi osasuntha.

Apa ndi pomwe ambiri timalakwitsa. Wina amamenyetsa mausi patebulo. Wina amazula chingwe cha magetsi pakhoma. Wina amatuma mnyamata wa kabaza kuti akagule mausi ina ku Dedza boma, n'kudzapeza kuti yatsopanoyo nayonso sikuyenda. Choopsa kwambiri ndi kupereka kompyuta kwa munthu amene mankhwala ake ndi amodzi pa nthenda iliyonse: kufufuta zonse n'kuyambiranso. Zikatero mausi imachira, koma mafayilo a zaka zingapo apita.

Vutoli limaoneka laling'ono, koma kumbuyo kwake kuli anthu. Ziwerengero za amayi oyembekezera, ana olandira katemera ndi odwala malungo zimachoka m'zipatala mwezi ndi mwezi kupita ku ofesi ya zaumoyo ya m'boma, ndipo zimalowetsedwa mu DHIS2, nkhokwe ya pakompyuta imene Unduna wa Zaumoyo umagwiritsa ntchito. Lipoti likachedwa kapena likasowa, amene amagawa mankhwala ndi zipangizo amagwira ntchito mumdima. Choncho tiyeni tione zimene mungachite panokha, kuyambira pa zosafuna ndalama, musanaitane katswiri.

Chimachitika n'chiyani kwenikweni?

Mausi ndi kachipangizo kosavuta. Dzina lake ndi la Chingerezi, ndipo limatanthauza mbewa, chifukwa chingwe chake chimaoneka ngati mchira. Amene anaitulukira ndi Douglas Engelbart wa ku America, ndipo anaionetsa kwa anthu mumzinda wa San Francisco pa 9 Disembala 1968. Yoyambayo inali kabokosi kathabwa kokhala ndi timawilo tiwiri pansi. Za masiku ano zili ndi kanyali ndi kadiso pansi pake. Kadisoko kamajambula pamwamba pa tebulo kambirimbiri pa sekondi imodzi, n'kumauza kompyuta kumene dzanja lanu lalowera.

Koma mausi silankhula ndi kompyuta mwachindunji. Pakati pawo pali kapulogalamu kakang'ono kotchedwa dalaivala. Musaganize za woyendetsa ambulansi ayi. Ganizani za womasulira. Agogo amene amalankhula Chiyao chokha akafika kwa dokotala wochokera kunja, onse awiri akhoza kukhala anzeru, makutu awo akumva bwino, koma popanda womasulira palibe chimene chingachitike. Dalaivala ndiye womasulira pakati pa mausi ndi Windows, pulogalamu yaikulu imene imayendetsa makompyuta ambiri m'maofesi athu.

Update ndi zigamba zimene kampani yopanga pulogalamu imatumiza kuti itseke ming'alu yolowera akuba a pa intaneti ndi kukonza zolakwika. Nthawi zambiri zigambazi zimalowa bwino, inu osazindikira n'komwe. Koma nthawi zina update imachotsa womasulira wakale n'kuika watsopano amene sakumvana ndi mausi yanu. Nthawi zina imasintha malamulo osungira moto, kompyuta n'kumagoneka timabowo ta USB. Nthawi zinanso update imadukira panjira chifukwa magetsi athima kapena bandulo yatha. Pa zonsezi mausi imakhala ilibe vuto. N'chifukwa chake kugula ina kawirikawiri kumangokhala kutaya ndalama.

Musadzione ngati mbuli zikakuchitikirani, pakuti zinachitikirapo anthu m'maiko ambiri. Mu Febuluwale 2018, kampani ya Microsoft inavomereza kuti update ya Windows 10 yotchedwa KB4074588 inkachititsa kuti mausi, kiyibodi ndi zipangizo zina za USB zisiye kugwira ntchito pa makompyuta ena. Pa 14 Okutobala 2025, update ya Windows 11 yotchedwa KB5066835 inachititsa kuti mausi ndi kiyibodi za USB zisamayankhe pa tsamba lokonzera kompyuta ikavuta, ngakhale kuti mkati mwa Windows zinkayenda bwino. Kampaniyo inatulutsa update ina yokonza vutoli pa 20 Okutobala. Phunziro lake n'lakuti chimene update yaononga, kawirikawiri update yotsatira imachikonza.

Microsoft imatulutsa ma update ake akuluakulu Lachiwiri lachiwiri la mwezi uliwonse, ndipo kuno kwathu amafika usiku, cha m'ma 7 kapena 8 koloko. Koma makompyuta ambiri a kumidzi sakhala pa intaneti tsiku ndi tsiku. Amalumikizidwa tsiku lotumiza lipoti basi. Tsiku limenelo kompyuta imameza ma update onse amene anaunjikana, ndipo vuto limabuka pa nthawi imene mukuifunitsitsa. Si tsoka kapena matsenga, ndi mmene zinthuzi zimayendera.

Choyamba: dekhani, sungani ntchito yanu

Kuona maso a nkhono n'kudekha. Ngati pa sikirini pali timadontho tozungulira ndi mawu akuti musazimitse kompyuta, isiyeni. Kompyuta yakale ikhoza kutenga ola lathunthu kapena kupitirira. Kuizimitsa pa nthawi imeneyi kungasandutse vuto laling'ono kukhala lalikulu.

Ngati Windows yatseguka koma mausi yokha ndiyo sikuyenda, dinani batani la Caps Lock kapena Num Lock pa kiyibodi. Kanyali kake kakayaka n'kuzima, ndiye kuti kompyuta ili moyo ndipo kiyibodi ikumveka. Imeneyi ndi nkhani yabwino, chifukwa chilichonse chimene mausi imachita, kiyibodi ingathenso kuchita. Ngati munali mkati molemba, gwirani batani la Ctrl n'kudina S kuti musunge zimene munalemba. Mukatero mungayambe kufufuza mtima uli m'malo.

Chachiwiri: pimani mausi yeniyeniyo

Wodwala akabwera ndi mutu, sitiyamba ndi kumutumiza ku Kamuzu Central Hospital. Timayamba tamupima kutentha kwa thupi. N'chimodzimodzi pano. N'kutheka kuti update ilibe mlandu, zangochitikira pamodzi.

Tembenuzani mausi muone pansi pake. Zambiri zimayaka kanyali kofiira. Ngati kale kankayaka koma lero kazima, moto sukufika. Dziwani kuti pali mausi zina zimene kuwala kwake sikuoneka ndi maso, choncho yerekezani ndi mmene yanuyo imaonekera masiku onse.

Tsatirani chingwe ndi zala kuyambira kumutu mpaka kumchira. M'maofesi amene ali pafupi ndi nkhokwe kapena mosungira ufa wa phala, makoswe amatafuna zingwe usiku. Onaninso pamene chingwe chimalowera mu mausi, chifukwa ndi pamene chimathyokera mkati chikamapindidwapindidwa.

Zulani mausi, werengani mpaka 10, n'kuilowetsa pa kabowo kena ka USB. Pa kompyuta ya patebulo, timabowo ta kumbuyo n'todalirika kuposa ta kutsogolo. Ngati mausi inalumikizidwa kudzera pa kachipangizo kogawa timabowo tambiri, kachotseni, mulowetse mausi pa kompyuta mwachindunji. Chotsaninso fulashi, pulinta ndi foni imene mukutchaja, kuti mausi ndi kiyibodi zitsale zokha.

Ngati mausi yanu ndi yopanda chingwe, sinthani batire. Batire lofooka limafookeratu m'nyengo yozizira, ndipo chisanu cha Juni ndi Julayi ku Dedza, ku Bembeke kapena ku Tsangano mukuchidziwa. Onani kabatani koyatsira pansi pa mausi ngati sikanazimitsidwe, ndipo kachipangizo kake kakang'ono kolowetsa pa USB mukasamutsire pa kabowo kena.

Pukutani kadiso ka pansi ndi kansalu kouma. Fumbi la mwezi wa Okutobala kapena katsitsi kamodzi n'kokwanira kukatseka. Ikani mausi pa pepala loyera kapena pa chikuto cha kaundula, chifukwa pa galasi ndi pa tebulo lonyezimira kadisoko sikaona bwino.

Pomaliza, chitani mayeso amene amathetsa makani onse. Tengani mausi yanu mukaiyese pa kompyuta ina, ndipo mubwereke mausi ya mnzanu muiyese pa yanu. Ngati yanu ikukanika paliponse, yafa, gulani ina. Ngati ikuyenda kwa mnzanu koma ya mnzanuyo ikukanika kwa inu, vuto lili mu kompyuta. Pitirizani kuwerenga.

Makompyuta ena akale, monga ambiri amene tinalandira kuchokera kwa abwenzi akunja, ali ndi kabowo kozungulira kobiriwira kotchedwa PS/2. Mausi yolowa pamenepo musaizule kapena kuilowetsa kompyuta ili chiyakire. Zimitsani kaye, lowetsani, kenaka yatsani.

Chachitatu: iyambitseninso kompyuta

Pali kusiyana pakati pa Shut down ndi Restart, ndipo ambiri sakudziwa. Pa Windows 10 ndi Windows 11, mukasankha Shut down kompyuta imasungako zina zimene zinali m'mutu mwake kuti mawa idzayake msanga, ndipo vuto limatha kusungidwira limodzi. Mukasankha Restart imataya zonse n'kuyamba mwatsopano. Komanso ma update ambiri samaliza kukhazikika mpaka kompyuta itayambiranso.

Popanda mausi muchita chonchi. Gwirani batani la Windows, lija lili ndi chizindikiro cha zenera pansi kumanzere kwa kiyibodi, n'kudina X. Siyani onse awiri. Dinani U, kenaka R. Kompyuta izima n'kuyakanso yokha. Ikayaka, ipatseni mphindi ziwiri kapena zitatu musanaweruze, chifukwa nthawi zina imakhala ikukhazikitsa dalaivala mwakachetechete. Mavuto ambiri amathera pomwepa.

Ngati sizinatheke, zimitsani kompyuta bwinobwino, zulani chingwe cha magetsi, gwirani batani loyatsira kwa masekondi pafupifupi 30 kuti moto wotsalira uthe, bwezerani chingwe, yatsani.

Chachinayi: kiyibodi ikhale ndodo yanu

Munthu akathyoka mwendo amayendera ndodo mpaka atachira. Ngati lipoti likufunika lero, mukhoza kulimaliza ndi kiyibodi yokha. Mabatani ofunika ndi ochepa.

Batani la Windows limatsegula pofufuzira. Lembani dzina la pulogalamu kapena fayilo, dinani Enter. Batani la Tab limakudumphitsani kuchoka pa bokosi lina kupita pa lotsatira, ndipo Shift pamodzi ndi Tab amakubwezani m'mbuyo. Mabatani anayi a mivi amakuyendetsani m'mwamba, m'munsi ndi m'mbali. Enter ndi kuvomera, Esc ndi kukana. Batani lalitali lija losiyira mpata pakati pa mawu limachonga kapena kuchotsa chochonga m'kabokosi. Alt pamodzi ndi Tab amakusamutsani kuchoka pa pulogalamu ina kupita pa ina. Alt pamodzi ndi F4 amatseka pulogalamu. Shift pamodzi ndi F10 amachita zimene batani lakumanja la mausi limachita.

Palinso njira yoyendetsera kamuvi kenikeniko ndi kiyibodi, yotchedwa Mouse Keys. Imafuna kiyibodi yokhala ndi manambala kumanja kwake. Dinani pamodzi Alt wakumanzere, Shift wakumanzere ndi Num Lock. Kompyuta ikufunsani ngati mukufunadi, dinani Enter. Tsopano 8 akweza kamuvi, 2 akatsitsa, 4 akapititsa kumanzere, 6 kumanja, ndipo 5 ndiye kudina. Kamayenda pang'onopang'ono ngati nkhono, koma kamafika. Mukamaliza, dinaninso mabatani atatu aja kuti manambala abwerere mwakale.

Pa laputopu, kabwalo kogusapo chala kaja kakhoza kulowa m'malo mwa mausi. Ngati nakonso kasiya, yang'anani pa mzere wa mabatani a F1 mpaka F12. Malaputopu ambiri ali ndi batani lojambulidwa kabwaloko, limene limakazimitsa ndi kukayatsa, nthawi zina pamodzi ndi batani la Fn. Si zachilendo kulikhudza mwangozi popukuta fumbi.

Chachisanu: onanani ndi womasulira uja

Tsopano tafika pamene pamagona mlandu. Madalaivala onse amaoneka pa tsamba lotchedwa Device Manager. Gwirani batani la Windows n'kudina X, kenaka dinani M. Tsamba likatseguka, dinani Tab kamodzi kuti mulowe mumndandanda. Tsikani ndi muvi mpaka pa mawu akuti Mice and other pointing devices, ndipo dinani muvi wakumanja kuti mutsegule. Pansi pake pali dzina la mausi yanu. Kawirikawiri limalembedwa kuti HID-compliant mouse. Mukaona kachizindikiro kachikasu ka makona atatu pambali pake, mwalipeza vuto.

Tsikirani pa dzinalo, dinani Enter. Pa kabokosi kamene katseguke, gwirani Ctrl n'kumadina Tab mpaka mutafika pa gawo lolembedwa Driver. Apa pali njira ziwiri.

Yoyamba ndi Roll Back Driver, kutanthauza kubwezeretsa dalaivala wakale. Yendani ndi Tab mpaka pa batanilo, dinani Enter, sankhani chifukwa chilichonse pa zimene ikufunsani, vomerani, n'kuyambitsanso kompyuta. Ngati batanilo ndi lotuwa ndipo silikudinika, ndiye kuti kompyuta sinasunge dalaivala wakale.

Zikatero tengani njira yachiwiri, Uninstall Device. Mawuwa asakuopseni. Mukungouza Windows kuti iiwale mausiyo, ndipo mukaiyambitsanso idzailandira ngati mlendo watsopano n'kuipatsa dalaivala woyenera. Ngati patuluka kabokosi kofunsa ngati mukufuna kufufutiratu dalaivala, musakachonge. Vomerani, kenaka Windows ndi X, U, R monga tinachitira poyamba.

Ngati mausi imayenda kwa kanthawi kenaka n'kufa, makamaka kompyuta ikakhala osagwiritsidwa ntchito, vuto likhoza kukhala la kusunga moto. Mu Device Manager momwemo, tsikani mpaka pa Universal Serial Bus controllers, tsegulani, ndipo pa dzina lililonse lokhala ndi mawu akuti USB Root Hub dinani Enter. Pitani pa gawo la Power Management, chotsani chochonga pa mzere woyamba, umene umalola kompyuta kuzimitsa chipangizocho kuti isunge moto. Chenjezo: m'gawo la USB limeneli musachite Uninstall chilichonse, chifukwa kiyibodi nayo ikhoza kuzima, inu n'kutsala opanda mwendo, opanda ndodo.

Mausi ya Bluetooth ili ndi khalidwe lakelake. Update itatha, nthawi zina Bluetooth imapezeka yazimitsidwa, kapena kompyuta yaiwala mausiyo. Dinani batani la Windows, lembani Bluetooth, dinani Enter. Onani ngati ndi yoyatsa. Ngati ndi yoyatsa koma mausi sikuyenda, ichotseni pa mndandanda n'kuilumikizanso.

Chachisanu ndi chimodzi: bwezani update

Ngati zonsezi zakanika, ndipo muli ndi chitsimikizo kuti vuto linayamba update itangolowa, mukhoza kuichotsa. Koma yambani mwayang'ana ngati yokonza sinatuluke kale. Dinani batani la Windows, lembani Check for updates, dinani Enter. Ngati pali ina imene ikudikira ndipo bandulo ikulola, ilowetseni. Pansi pa Optional updates pamapezekanso madalaivala atsopano.

Ngati palibe, dinani batani la Windows, lembani Update history, dinani Enter. Muona mndandanda wa ma update ndi masiku amene analowa. Lembani pa pepala nambala ya yomaliza, yoyamba ndi zilembo KB. Yendani ndi Tab mpaka pa Uninstall updates, sankhani nambala yomweyo, chotsani, yambitsaninso kompyuta. Kuchotsa update sikufufuta makalata kapena malipoti anu.

Ngati inali update yaikulu, yosintha maonekedwe a Windows kapena yochoka pa Windows 10 kupita pa Windows 11, pali khomo lobwerera. Lembani Recovery options pofufuzira paja, ndipo muona Go back. Khomo limeneli limakhala lotseguka kwa masiku 10 okha, choncho musazengereze.

Mukachotsa update, kompyuta idzafuna kuibwezeretsa ikangolumikizidwa ku intaneti. Pa tsamba la Windows Update sankhani Pause updates kuti iyambe yadikira. Imalola kuimitsa mpaka masabata asanu, nthawi yokwanira kuti yokonza ituluke.

Pamene muyenera kuima n'kuitana katswiri

Mbewa ya manyazi inafera kuuna. Pali malo amene kufunsa ndiyo nzeru.

Imani ngati mausi ndi kiyibodi zonse zafa, ndipo timabowo tonse ta USB takanika. Imani ngati kompyuta siikufika pa tsamba lolembapo pasiwedi, kapena ikungozima n'kuyaka. Imani ngati ikufunsa nambala yaitali ya BitLocker, kapena pasiwedi ya woyang'anira imene inu mulibe. Imani ngati mwamva fungo la kupsa, kapena ngati usiku kunali ziphaliwali, chifukwa mphezi ndi magetsi obwera mwamphamvu zimaotcha timabowo ta USB, ndipo palibe batani limene lingakonze zimenezo.

Koposa zonse, ngati kompyuta ndi ya dongosolo losungira mbiri ya odwala, kapena inaikidwa ndi boma kapena bungwe limene lili ndi akatswiri ake, musachotsemo kanthu. Chitani masitepe atatu oyambirira okha, kenaka imbani foni. Mbewa zikachuluka siziika masa. Kompyuta imene yagwiridwa ndi anthu asanu, aliyense ndi nzeru zake, imavuta kukonza kuposa imene yangosiyidwa.

Poimba foni, muuzeni katswiri zinthu zinayi: mtundu wa kompyuta, ngati ili ndi Windows 10 kapena 11, nambala ya update yomaliza, ndi zimene mwayesa kale. Jambulani sikirini ndi foni mumutumizire pa WhatsApp, koma onetsetsani kuti pa chithunzicho sipakuoneka dzina la wodwala. Nthawi zambiri adzakuthandizani osakwera njinga yamoto kubwera kumene muli.

Ngati kompyuta ikuyenera kupita kwa wokonza wa patauni, kumbukirani zimene zili mkati mwake. Maina a anthu amene akulandira mankhwala otalikitsa moyo, zotsatira za magazi ndi malipiro a antchito si zinthu zosiya pa shelefu ya shopu kwa sabata. Chinsinsi cha wodwala sichithera m'chipinda chopimira. Dziwitsani oyang'anira anu, koperani mafayilo kaye ngati n'kotheka, khalani pomwepo pamene akukonza, ndipo musavomere kuti afufute zonse chifukwa cha mausi.

Kupewa kuposa kuchiza

Wina anganene kuti bwanji osangotseka ma update mpaka kalekale. Musatero. Mu Meyi 2017, pulogalamu yoononga yotchedwa WannaCry inatseka makompyuta m'maiko ambiri, ndipo zipatala zambiri za boma ku England zinakakamizika kubweza odwala. Chigamba chotseka mng'alu umene inalowera chinali chitatuluka kale mu Malichi chaka chomwecho, koma makompyuta ambiri anali asanachilandire. Update ili ngati katemera. Mkono ukhoza kutupa tsiku limodzi, koma nthenda imene ikupewedwa ndi yoopsa kuposa kutupako. Chofunika ndi kusankha tsiku labwino lobayitsa.

Sankhani tsiku pakati pa mwezi, malipoti atapita kale, loti kompyuta izichita update. Likhale tsiku limene magetsi alipo, kapena batire la sola ladzaza, kapena laputopu yatchajidwa. Kompyuta ya patebulo ikhale ndi UPS ngati ofesi ingakwanitse, kuti magetsi akathima mwadzidzidzi update isadukire panjira. Sabata ya malipoti ikamayandikira, dinani Pause updates.

Ngati mumagwiritsa ntchito intaneti ya pafoni, tsegulani tsamba la Wi-Fi pa kompyuta, sankhani dzina la foni yanu, ndipo yatsani Metered connection. Mukatero Windows imadziwa kuti intanetiyo ndi yogula pang'onopang'ono, ndipo imaleka kukoka ma update ambiri popanda chilolezo chanu. Bandulo yanu nayonso ipuma.

Musanachite update, koperani mafayilo ofunika pa fulashi, ndipo fulashiyo muitsekere mu kabati. Sungani mausi imodzi yachingwe, yotsika mtengo, mu dirowa ya ofesi. Siifuna batire, siifuna pulogalamu yapadera, ndipo ndi imene imayenda pamene zapamwamba zakanika. Ikani pambali mabatire awiri atsopano. Lembani mabatani a kiyibodi amene tatchula aja pa pepala, mumate pakhoma pafupi ndi kompyuta, chifukwa tsiku la vuto simudzatha kuwafufuza pa kompyuta yomweyo.

Dziwaninso kuti kuyambira pa 14 Okutobala 2025, Microsoft inasiya kupereka ma update a masiku onse a Windows 10. Makompyuta amenewa akugwirabe ntchito, koma chitetezo chawo chizicheperachepera, ndipo ambiri akale sangalandire Windows 11. Nkhani imeneyi ndi yoyenera kuikamba pa msonkhano wa komiti pokonza bajeti, isanasanduke ngozi.

Chomaliza n'cha ukhondo. Mausi ya pachipatala imagwiridwa ndi manja ambiri pa tsiku. Izuleni kamodzi pa sabata, muipukute ndi kansalu konyowetsedwa pang'ono ndi sipiriti, osathira madzi kapena sipiritiyo pa mausi penipenipo. Mukatero mwateteza chipangizo, mwatetezanso amene adzachigwire pambuyo panu.

Tsiku lina kamuvi kakadzaima, mudzakumbukire ndondomeko yake: sungani ntchito, pimani mausi, chitani Restart, yenderani kiyibodi, onani dalaivala, ndipo pomaliza penipeni bwezani update. Dulani tsamba lino mulisunge mu dirowa momwe muli mausi yapadera ija, ndipo mnzanu wa mu ofesi amene amaopa kompyuta mumuonetse mabatani awiri kapena atatu sabata ino, mausi ikadali yamoyo.